Timagetsi pa pikapu ya adada

Adada anayamba kuyendetsa galimoto ine ndisanabadwe. Poyamba anali pa malole a malasha otsika phiri la Chiweta, kenako anakhala dalaivala wa ofesi ina ku Karonga boma, ndipo atapuma pantchito anagula pikapu yoyera yakale n'kubwerera nayo kwathu ku Hara. Pikapuyo inkanyamula mpunga kuchoka kuminda yothirira ya kusikimu kupita kuchigayo, nthawi zina odwala, nthawi zina anthu opita kumaliro. Zaka zonsezo adada sanagundepo ngakhale mbuzi. Iwo sankadzitama nazo. Ankazinena ndi amama akamatidzudzula ife ana chifukwa cha phuma.

M'mawa uliwonse asananyamuke ankaitana aliyense amene ali pafupi kuti akaime kumbuyo kwa galimoto. Akaponda buleki, woimayo ankayenera kunena kuti yayaka. Kenako indiketa yakumanzere, kenako yakumanja. Ine ndinaima kumbuyoko kambirimbiri, tsache lili m'manja, ndikuyasamula.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndikugwira ntchito m'sitolo ina ku boma. Tinkagulitsa matochi, mawailesi, machaja a foni ndi mababu. Mwini sitoloyo anali Msilamu wa ku Mangochi, bambo wodekha amene ankayankhula Chichewa chosalala chimene ine ndinkachisirira. Kwathu chinali chaka choipa. Mkulu wanga, mwana woyamba wa adada, anamwalira nthawi yokolola mpunga atadwala masabata atatu okha, n'kusiya kamtsikana ka zaka zinayi. Kuchokera pamenepo nyumba yathu inangoti zii. Adada ankadya, ankagwira ntchito, ankapita kutchalitchi, koma wailesi anasiya kutsegula, ndipo kamwanako kanaphunzira kusewera mosachita phokoso.

Kumayambiriro kwa Disembala kusitolo kunafika katoni ya timagetsi ta Khirisimasi tochokera ku Tanzania. Tinali pa zingwe zazitali, tofiira, tobiriwira, tabuluu ndi tachikasu, tophethiraphethira. Zingwe zina zinali zolumikiza kukhoma, zina ku batire. Za batirezo ankagula kwambiri ndi anyamata a kabaza, n'kumakulunga pa njinga zawo zamoto, moti madzulo msewu wa kudepoti unkaoneka ngati kuli ukwati.

Ndinapatula zingwe ziwiri za batire. Abwana anga anandifunsa kuti ndikaika pati.

"Pa galimoto ya adada."

"Pa galimoto usaike, mwanangu," anatero. "Apolisi apamsewu sagwirizana nazo, makamaka tabuluuti. Kakoleke pakhonde."

Ndinavomera kuti ndikakoleka pakhonde. Koma kwathu kulibe magetsi, ndipo batire yokhayo pakhomopo inali ya pikapu. Ndinkadziwa kale chimene ndikachite.

Ndinafika ku Hara kutatsala masiku awiri kuti Khirisimasi ikwane. Nditatulutsa timagetsito, adada anagwira chingwe chimodzi, anachitembenuzatembenuza, n'kundibwezera.

"Galimoto si mkwatibwi," anatero. Pakhomo timayankhula Chitumbuka, koma mawu awo anali amenewo. "Nyali iliyonse imene ili pa galimoto ili ndi chimene imamuuza munthu wakumbuyo. Izi zikamuuza chiyani?"

Masana adada atapita ku msonkhano wa akuluampingo, ndinaitana bambo wina woyandikana nafe amene ankakonza mawailesi ndi mafoni. Ndinamuuza kuti tingoyesa, mwana aone. Iye anati kukoka waya mpaka ku batire n'kutaya nthawi. Anagona chagada kumbuyo kwa pikapu, anasenda mawaya a nyali zakumbuyo ndi lezala, analumikiza, n'kukulunga ndi tepi yakuda. Tepi itamuthera, mfundo yomaliza anaimanga ndi kapulasitiki ka shuga. Ine ndinakulunga zingwezo pa zitsulo za kumbuyo, kutsika mpaka pachitseko cha katundu.

Adada anabwera kukuyamba kuda n'kupeza galimoto yawo ikuphethira pansi pa mtengo wa mango, ana a mudzi wonse ataizungulira. Ndinaona nkhope yawo ikuuma. Koma mdzukulu wawo uja anawathamangira, anawagwira chala n'kumawakokera kugalimotoko akuseka chikhakhali, kuseka kumene tinali tisanakumve chimwalirireni mayi ake. Amama anali pakhonde. Anangoti, "Asiyeni ana, ndi masiku awiri okha."

Adada anaima nthawi yaitali. Kenako analowa m'galimoto n'kundiuza kuti ndikaime kumbuyo. Anaponda buleki, inayaka. Maindiketa onse anayaka.

"Khirisimasi ikangodutsa uchotse wekha," anatero.

Tsiku lotsatira panali matumba a mpunga oti akasiyidwe kwa mayi wina wogulitsa nsomba ku Sangilo, ndipo amama anati pobwerera tigule kampango wa ndiwo za mawa lake. Ndinakwera nawo. Kunena zoona, ndinkafuna kuona anthu akutiyang'ana. Mayiyo tinamudikira nthawi yaitali chifukwa anali kumaliro, moti pobwerera, kampango titagula, tinalowa mu M1 dzuwa litalowa kale, mitambo itadzaza kumapiri. Adada atayatsa nyali, timagetsi tija tinayamba kuphethira. Pa timisika ta m'mbali mwa msewu anthu ankaimirira, ena kuomba m'manja, ndipo mayi wina wogulitsa nthochi anafuula kuti Khirisimasi yadutsa pa matayala. Ndinawayang'ana adada. Ankamwetulira, pang'ono chabe, maso ali pamsewu.

Kenako mvula inayamba, yamphamvu, ya mphepo yochokera kunyanja. Ine ndinkangocheukira pawindo lakumbuyo kuona mmene timagetsi tinkaonekera m'madontho a madzi. Tinadutsa pachithaphwi china chachikulu, madzi anamenya kunsi kwa galimoto, ndipo nditacheukanso kumbuyo kunali bii.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma ndinatsekanso. Ndinaganiza kuti tazima ndi timagetsi tokha, zoseweretsa basi, ndipo ndikanena adada aima pamvula, anyowa, n'kuyambanso kunena za mkwatibwi zija. Nyali zakutsogolo zinkawala bwinobwino. Ndinati ndiwauza tikafika kunyumba. Tinayenda choncho mtunda ndithu, mwina nthawi yokwana kuimba nyimbo ziwiri za m'buku.

Ng'ombe zinatulukira kumanzere, zisanu kapena kuposerapo, zopanda m'busa, zikuwoloka msewu mosafulumira monga zimachitira ng'ombe za kwathu. Adada anaponda buleki bwino lomwe, galimoto inaima osakhudza ngakhale imodzi. Ndiye kumbuyo kunamveka chiphokoso, pikapu yonse inagwedezeka, mutu wanga n'kumenya pagalasi.

Anali munthu wa njinga yamoto. Njingayo inalowa kunsi kwa chitseko cha katundu, iye ali chagada pa tala, mwendo wakumanja utapanikizika pakati pa njinga ndi chitsulo cha galimoto. Anali atanyamula thumba la ufa ndi nkhuku ziwiri. Ufawo unamwazika n'kumakokoloka ndi madzi, nkhuku imodzi ikuphupha ili chimangire. Munthuyo sankalira. Ankangofunsa mobwereza kuti, "Mwaima bwanji opanda nyali?"

Adada anayang'ana kumbuyo kwa galimoto yawo, kenako anayang'ana ine. Anavula malaya n'kumanga mwendo uja pamwamba pa bondo. Anthu a m'nyumba zapafupi anabwera ndi matochi, ena atakwiya kale. Madalaivala ambiri zikatere amathawira kupolisi poopa kumenyedwa, koma adada anagwada pamvulapo n'kupempha amuna anayi kuti awathandize kukoka njinga. Wovulalayo tinamugoneka pa matumba opanda kanthu, mutu wake uli pamiyendo panga, mpaka kuchipatala cha ku Chilumba. Kumeneko anamutumiza ku boma pa ambulansi. Ife tinalunjika kupolisi, munthu wina wa njinga yamoto akutitsatira pambuyo ndi nyali yake kuti wina asatigundenso.

Polemba sitetimenti wapolisi anafunsa kuti mawayawo analumikiza ndani. Ine ndinali pabenchi pafupi ndi chitseko, siketi yanga ili magazi okhaokha. Ndinayamba kudzuka.

"Ndinalumikiza ndekha," anatero adada.

"Adada..."

"Khala pansi," anandiuza m'Chitumbuka, osandiyang'ana.

Wapolisiyo anatiyang'ana tonse awiri, ndipo ndikukhulupirira kuti anazindikira. Anati kwa iye sizikusintha zambiri, chifukwa galimoto ikayenda pamsewu yopanda nyali zakumbuyo, woyankha mlandu ndi amene wagwira chiwongolero.

Adada anadyera Khirisimasi m'chitokosi. M'mawa mwake amama anaphika mpunga ndi kampango uja monga anakonzera, chifukwa mwana ankafunika kudya. Kutchalitchi sitinapite, koma nyimbo za kwaya zinkatipeza pakhonde pomwepo. Anthu potuluka ankapatuka awiriawiri kudzatipepesa, n'kukhala pamkeka monga anakhalira nthawi ya maliro a mkulu wanga. Masana ndinawapititsira adada chakudya m'kontena, koma inabwerera ili yodzadza.

Anatuluka pa belo patapita masiku atatu, pikapu n'kutsala kupolisi. Woyeza magalimoto atabwera anagona pansi, anasolola mfundo ya pulasitiki ija, itada ndi kupsa, n'kuiika mu envelopu. Anafotokoza kuti madzi atalowa pamfundopo mawaya anagundana, fyuzi inapsa, ndipo nyali zonse zakumbuyo zinafa, ya buleki yomwe.

Bambo wokonza mawailesi uja anabwera kamodzi kokha, m'mamawa, n'kuima kuseri kwa khola la nkhumba. Za wovulala sanafunse. Anangopempha kuti asatchulidwe, ali ndi ana aang'ono. Adada anamuuza kuti apite mumtendere, dzina lake silinalembedwe paliponse. Kuyambira tsiku limenelo bamboyo ankadzera njira ina popita kumsika.

Chaka chatsopano chitalowa ndinabwerera kuntchito. Abwana anga anali atamva kale. Sanandikumbutse mawu awo aja. Anangonditumiza kukapukuta mashelefu a kumbuyo, kumene makasitomala sakanandifunsa mafunso. Chipatala sichinali kutali ndi sitolo, ndipo masiku angapo ndinkafika pageti n'kubwerera. Tsiku limene ndinalimba mtima n'kulowa ndinapeza wovulala uja atamudula kale mwendo, m'munsi mwa bondo. Mkazi wake anali pamkeka pafupi ndi bedi, ali ndi pakati pooneka, akusenda nthochi. Ndinadzifotokoza kuti ndine mwana wa dalaivala uja. Mkaziyo anatembenukira kukhoma. Mwamunayo anandiuza kuti ndikhale.

Anali wa msinkhu wa mkulu wanga womwalirayo. Njinga ija sinali yake, ankayendetsera munthu wina. Tsiku lija anaweruka msanga kuti akasiye ufa ndi nkhuku kunyumba.

"Ndinakutsatirani kuchokera kutali," anatero. "Nyali yanga inali yofooka, mvula ikundilowa m'maso, ndiye ndinati nditsate timagetsi timeneti tindionetse msewu. Tinkakongola, achemwali. Ndinkati chaka chamawa ndidzagule tanga. Kenako tinasowa. Ndinayesa mwakhotera kumudzi, ndiye ndinawonjezera moto kuti ndikafike msanga."

Ndinamufunsa kuti anayenda nthawi yaitali bwanji timagetsito titasowa. Sindikudziwa chimene ndinafunsira, popeza yankho ndinkalidziwa. Iye anati kanthawi ndithu.

Ndinasiya shuga ndi sopo pakabati n'kutsanzika.

Mlandu unalowa m'khoti mpunga utayamba kutulutsa ngala. Adada anavala jekete yawo ya ku ofesi, imene tsopano inkawakulira m'mapewa. Atawerengeredwa mlandu anavomera osazengereza. Woweruza anali mayi wachikulire wovala magalasi. Anati waganizira zaka zawo, waganizira kuti sanathawe, kuti ndi iwo amene anatengera wovulala kuchipatala, ndiponso kuti nyali ya njinga ija inali yofooka.

"Koma inu mwayendetsa galimoto zaka zambiri kuposa aliyense m'chipinda chino," anatero. "Mumadziwa kuti mawaya a nyali saseweretsa. Munalola bwanji?"

Adada anati, "Ndinkafuna ana asangalale."

Anawalipiritsa chindapusa n'kuwalanda laisensi kwa kanthawi. Kundende sanapite, ndipo anthu panja ankati tachita mwayi.

Za inshuwalansi zinangozungulira m'makalata. Ankati mawaya a galimoto anasinthidwa iwo osauzidwa, choncho nkhaniyo aiunikenso. Adada sanadikire. Pikapu itatuluka kupolisi anapempha munthu wina kuti aiyendetse mpaka ku boma, anaigulitsa, ndipo zambiri mwa zimene anapeza anakapereka kwa wovulala uja pamaso pa akuluampingo a mbali zonse ziwiri. Anabwerera pa minibasi. Pansi pa mtengo wa mango panatsala banga lakuda la oilo. Kamwana kaja kankafunsa kuti galimoto ya Khirisimasi ibwera liti, mpaka amama anakaletsa.

Nkhani yanga ndinakhala nayo ndekha miyezi isanu. Ndinaonda, moti amama ankayesa ndi malungo kapena pali mwamuna amene akundivutitsa. Ndinawauza adada nthawi yoingitsa mbalame, tili awiri pa mzere wa munda wathu kusikimu, iwo atagwira chingwe cha zitini.

"Adada, tsiku lija ndinaona timagetsi titazima."

Sanatembenuke.

"Pati?"

"Pachithaphwi chija."

"Patali pamene paja."

"Inde."

"Bwanji sunanene?"

"Ndinkaopa kuti mukalipa."

Mbalame zinatera kumapeto kwa munda, gulu lalikulu, koma adada sanakoke chingwe. Anazisiya zikudya.

"Ukananena ndikanaima," anatero.

Ndinadikira kuti awonjezerepo, andikalipire kapena andikhululukire, chilichonse. Patapita nthawi anangoti ndisawauze amama, mtima wawo wasenza zokwanira. Kenako anakoka chingwe, zitini zinalira, mbalame n'kuuluka.

Sanandisinthire nkhope. Ankandilonjera monga kale, ankanditumizira mpunga ku boma, ndipo nditakwatiwa ndi iwo amene anayankhula mawu abwino kwambiri pa ukwatiwo. Koma nkhani ija sanaitchulenso, ndipo ine sindinadziwe ngati inawachoka mumtima kapena anangoiika pambali kuti tikhale bwino pakhomo. Nthawi ya chiletso itatha sanapite kukatenga laisensi. Anthu ankabwera kudzawapempha kuti awayendetsere lole nthawi yokolola, iwo n'kumati maso akuvuta. Maso awo analibe vuto, ankawerenga Baibulo popanda magalasi. Akakwera minibasi ankakhala mpando wa kumbuyo kwenikweni, kumene sangaone msewu.

Disembala wotsatira kusitolo kunafikanso katoni ina. Ndinayesa kuwauza anyamata a kabaza kuti asalumikize ku mawaya a nyali. Ena ankandimvera, ambiri ankaseka n'kumati achemwali ndinu apolisi kodi. Ndinagulitsa masiku atatu, tsiku lachinayi ndinapempha abwana anga kuti andichotse pa kauntala mpaka nyengoyo idutse. Anandilola. Chaka chinacho ndinapeza ntchito ina.

Adada anamwalira patapita zaka zinayi. Wa njinga uja anabwera kumaliro ndi ndodo zake, anakhala kumbali ya amuna, ndipo anayenda nafe mpaka kumanda ngakhale njira yake inali yamatope.

Masiku ano amakhala pa Uliwa, pakhonde la sitolo ina, amasoka nsapato. Mwana amene anali m'mimba uja ali pasukulu. Ndikatsika minibasi pamenepo popita kwa amama amandiona msanga, amandiitana, n'kufunsa za kunyumba. Kawiri konse ndamupititsira nsapato zimene sizinkafunika kusoka kwenikweni, n'kukhala pabenchi lake ndikudikira, mawu ali kukamwa. Ulendo wathawu anandiuza kuti adada anali munthu wolungama, ndipo iye sanawasungire chakukhosi, chifukwa munthu ali pachiwongolero sangaone zimene zikuchitika kumbuyo kwa galimoto yake, ndipo pamvula ija palibe amene akanadziwa.

Ndinagwedeza mutu. Iye anamaliza kusoka, anadula ulusi ndi mano, n'kundipatsa nsapato zanga.